Chithunzi cha Blaka

Mutu 6

1. Timabokosi

Patapita masiku atatu chimwalirireni bambo ake, Odane Pinnock anali mu ofesi ya nyumba yachisoni atavala jekete ya malemuwo. Jeketeyo inkamukulira m'mapewa, ndipo inali ikadamveka fungo la oyilo. Pambali pake panakhala Anti Icy, mlongo wawo wa bambo ake, atakumbatira chikwama pamiyendo, msana utawongoka ngati ali m'tchalitchi.

Odane anali ndi zaka makumi awiri. Koleji anaisiya chaka chachiwiri chili pakati kuti azitengera bambo ake kuchipatala katatu pa mlungu, kumakina otsuka magazi. Aliyense ankamuuza kuti adzabwerera kusukulu bambowo akadzachira. Anthu amanena zoterozo kuti achoke msanga pakhomo pa wodwala.

Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Choncho pa mapepala onse a maliro, woyenera kusaina anali iyeyo.

Mwini nyumba yachisoniyo anali Mayi Tolliver, munthu wakuda wa kuno ku America, wa imvi zometa bwino ndi magalasi a tcheni. Maliro ambiri a anthu a ku zilumba monga Jamaica okhala mu mzinda wa Hartford ankadutsa m'manja mwawo. Ankawerenga mafunso a pa fomu ya boma mofatsa, Odane n'kumayankha. Dzina la womwalira ndi Lascelles Pinnock. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Anabadwira ku St Elizabeth, ku Jamaica. Ntchito yawo inali ya umakaniko.

Kenako anatembenuza fomuyo kuti Odane aone. Panali funso la mtundu wa munthu, ndipo pansi pake panandandalikidwa timabokosi: mzungu, wakuda, wa ku Asia, ndi tina totero. Komalizira kanali ka mtundu wina uliwonse, kokhala ndi kamzere kolembapo.

Odane asanatsegule pakamwa, Anti Icy anagogoda fomuyo ndi chala.

"Chongani komalizako, mulembe kuti Mjamaika. Ife si anthu akuda, mayi. Banja lathu ndi la anthu ofiira, a khungu loyererako. Musatisakanize ndi awa a..."

Sanamalize. Anali atakumbukira amene akuyankhula naye.

Mayi Tolliver anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Atawavalanso, ananena kuti lamulo limamvera amene akusaina, ndipo amene akusaina ndi mwana wa malemu. Anati fomuyo iyenera kupita ku ofesi ya mzinda ikamakwana 4 koloko tsiku lomwelo, ndipo kabuku ka maliro nako kapita kosindikiza nthawi yomweyo. Anapatsa Odane envulopu ya kabukuko kuti aone ngati zonse zili bwino.

"Mukagwirizane kaye awirinu," anatero. "Ine ndili pano."

2. Munthu wa pachikuto

Kwa anthu a ku Jamaica kabuku ka maliro si kanthu kosewera nako. Kamakhala ndi zithunzi, nyimbo, mayina a onyamula bokosi, ndipo kamatumizidwa kwa abale ku London, ku Toronto ndi kumudzi. Anthu amakasunga m'Baibulo zaka ndi zaka. Mwana wobadwa mawa adzadziwa nkhope ya agogo ake kudzera m'kabuku kameneko.

Odane anatsegula envulopu ija atangolowa m'galimoto ya Anti Icy.

Chithunzi cha pachikuto anachidziwa. Chinajambulidwa tsiku limene iye anamaliza sekondale. Suti yabuluu inali yomwe ija, kumwetulira kunali komwe kuja. Koma nkhope inali itayeretsedwa mpaka kufanana ndi tiyi wochuluka mkaka. Ngakhale chipsera cha pachibwano chinali chitafufutidwa. Pansi pake panalembedwa kuti Lascelles Augustus Pinnock, basi. Dzina limene mzinda wonse unkawadziwa nalo, loti Blaka, panalibe.

"Anti, awa ndi ndani?"

Anti Icy sanalize galimoto. Ananena kuti mwana wa mnzawo wa kutchalitchi ndiye anakonza chithunzicho pa kompyuta, ndipo anachikonza bwino. Kenako anagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso ali kutsogolo.

"Undimvetsere, Odane, chifukwa iwe unabadwira kuno ndipo zambiri sudziwa. Ine ndinalowa m'dziko muno ndi sutikesi imodzi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikusambitsa nkhalamba za azungu m'nyumba zawo. Ukudziwa chimene chinkanditsegulira zitseko? Pakamwa pangapa. Ndikangoyankhula, ankamva kuti si ine wa kuno. Ankati, kani ndinu a ku zilumba, inu mumalimbikira ntchito, lowani. Akuda a kuno dzina lawo linaipitsidwa kalekale. Kaya ndi zoona kaya ndi bodza, analiipitsa si ine. Ndiye ndilisenzerenji? Ine ndine Mjamaika, bambo ako anali Mjamaika, ndipo iwe ukafuna kupita patali uzinena zomwezo. Ukadzilemba kuti wakuda, palibe amene adzafunsenso kuti unaleredwa bwanji."

Odane anati fomu ndi ina, chithunzi ndi china. Anafunsa kuti nanga chithunzicho chawalakwira chiyani.

Anti Icy atayambanso kuyankhula, mawu awo anali atatsika.

"Agogo ako aamuna akubwera Lachisanu. Ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi mphambu chimodzi. Ana awo tinabadwa asanu, ndipo anayi tinatuluka ofiira ngati iwo. Bambo ako okha ndiwo anatengera agogo athu a kuchikazi, amene anali akuda bii. Ife tinkaima pa kauntala ya sitolo ya bambo kugulitsa. Iye ankasungidwa kuseri, kunyamula matumba a ufa ndi shuga. Alendo akafunsa kuti mnyamata uyo ndi ndani, bambo ankati ndi wantchito. Dzina la Blaka, kutanthauza wakuda, analiyambitsa ndi iwowo, ndipo silinali la chikondi. Ine ndinkamva zonsezi ndili kamtsikana, ndipo sindinanenepo kanthu. Tsopano ndikufuna kuti tsiku limodzi lokha, mkulu amene uja atenge kabuku aka, ayang'ane, aone mwana wofanana naye. Tsiku limodzi lokha, mlongo wanga akhale kutsogolo kwa sitolo. Pamenepo ndalakwa?"

"Ndiye tiwanamize kuti awakonde?"

Anti Icy anatembenuka n'kumuyang'ana. Anamukumbutsa kuti ndi iwo amene anaitanitsa bambo ake kuno, ndi iwo amene anamugulira iye nsapato zoyamba za sukulu, ndipo chipinda cham'mwamba m'nyumba mwawo anali atachikonza kale kuti asamukiremo maliro akatha.

"Ndakupempha chinthu chimodzi chokha," anatero. "Usandichititse manyazi pamaso pa bambo anga."

Mu America monse Odane analibe m'bale wina koma iwowa. Anaika kabuku mu envulopu, anati akufuna kuyenda pang'ono, n'kutsika.

3. Kugalaja

Galaja ya bambo ake inali kuseri kwa msewu wa Albany, pakati pa malo ochapira zovala ndi sitolo ya mikate. Odane anapeza anzawo a malemu akukhoma tenti pabwalo, kukonzekera mwambo wogona pamaliro wa Lachisanu. Wina anali atabweretsa kale mphika waukulu wophikira msuzi wa mutu wa mbuzi. Tebulo la domino linali pamalo pake pa masiku onse, koma mpando umodzi unali utatsamiritsidwa kukhoma.

Panali a Lyn, Mtchaina wa ku Montego Bay amene ankayankhula Chijamaika chozama kuposa onse. Panali a Ramdeen, Mmwenye wa ku Guyana wogulitsa matayala. Ndipo panali Maas Vernal, wamkulu pa onse, amene ankalamula ntchito atakhala pansi.

"Yanki wafika," anatero Maas Vernal. Ankamutcha choncho chifukwa chobadwira kuno. "Wadya, kapena ukukhalira mphepo ngati anzako a ku koleji?"

Odane anangoika envulopu patebulo. A Lyn anatulutsa kabuku, anakatalikitsa ndi maso, anakayandikitsanso.

"Mzungu uyu wamwalira liti? Suti yokha ndi imene ndikuidziwa. Anabwereka kwa Blaka?"

A Ramdeen anaseka mpaka kugwira mzati wa tenti. Anati Blaka akanadziwa kuti imfa imayeretsa chonchi, bwenzi atafa kale n'kupita kukatenga ntchito ku banki. Koma atayang'ana nkhope ya Odane, kuseka kunawathera pakamwa.

Odane anawafotokozera zonse: za fomu, za timabokosi, za 4 koloko. Za sitolo ndi matumba a ufa sanatchule.

Nkhani ya timabokosi inawatenga onse. A Ramdeen anati chaka choyamba anachonga kuti Mmwenye, ndipo kalaliki anawafunsa fuko lawo ndi dera lawo, poganiza kuti ndi mmodzi wa eni nthaka a dziko lino, amene nawonso amatchedwa Amwenye. Chaka chotsatira anachonga Asia, dziko limene sanapondeko, limene anachokako ndi agogo a agogo awo. Masiku ano amangosiya osalemba, kuti kalalikiyo awayang'ane yekha avutike.

A Lyn anati iwo mayi awo anali akuda, bambo awo Mtchaina, choncho Lolemba amachonga uku, Lachiwiri uko. A Ramdeen anawayankha kuti pa domino ndiye sasinthasintha, ndi wakuba mlungu wonse.

Maas Vernal okha sanaseke. Anatseka kabuku kaja, anadzuka ndi ndodo yawo, n'kukodola Odane kuti awatsatire m'galaja.

4. Loweruka la Maas Vernal

Anakhala pa mpando wakale wa galimoto umene bambo ake ankapumirapo masana. Maas Vernal anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Khungu lawo linali loyera kuposa la Anti Icy, la timadontho m'masaya, ndipo maso awo anali otuwa ngati a mphaka.

"Tandiyang'ana bwino, Yanki. Ndine wofiira kuposa azakhali ako, si choncho? Kwathu khungu ili linkandipatsa mpando wakutsogolo m'kalasi, ngakhale masamu ndinali mbuli. Ndinabwera kuno ndili wamsinkhu wako, pa kontirakiti yothyola fodya kutsidya kwa mtsinje uko. M'zigafa tinkagwira limodzi ndi akuda ochokera kummwera, ku Georgia ndi ku Carolina. Koma ife a ku zilumba tinkadya patokha, n'kumawaseka kayankhulidwe. Kapitawo ankazikonda zimenezo. Ankatiuza kuti inu ndinu osiyana nawo awa, inu ndinu anzeru. Ife tinkamva kukoma.

"Loweruka lina ndinavala shati yoyera n'kupita m'tauni kukameta. Ndinakhala pa benchi maola awiri. Azungu ankalowa, kumetedwa, n'kutuluka, ine ndili pomwepo. Nditafunsa, wometayo anati anthu akuda iye sameta. Ndinaimirira n'kunena mokweza kuti, bwana, mwalakwitsa, ine si wakuda, ndine wa ku Jamaica. Anandiyang'ana tsitsi, anandiyang'ana milomo, n'kunditsegulira chitseko kuti ndituluke.

"Pakhonde panali munthu wa m'chigafa mwathu, dzina lake Purnell, akudikira basi. Anamva zonse. M'mawa mwake anandiitana kuseri kwa chigafa, anandikhazika pa kreti, n'kutulutsa sizasi ndi chipeso. Anandimeta bwino kuposa aliyense amene anandimetapo. Sananditukwane. Atamaliza anangondisasa tsitsi pakhosi n'kunena kuti, tsiku lina ukadzafuna kukuwa kuti si iwe wakuda, uzidzayamba wayang'ana amene waima kumbuyo kwako. Zaka makumi asanu zadutsa, koma ndikakumbukira makutu anga amatenthabe."

Panja a Lyn ndi a Ramdeen ankakangana za chingwe cha tenti. Maas Vernal anadikira kuti phokoso lichepe.

"Ndiye tamva. Sindikukuuza kuti utaye Jamaica. Jamaica ndi yathu, ndipo ukafunsidwa kwanu uzinena mutu uli m'mwamba, ngakhale unangopitako kawiri n'kukalumidwa ndi udzudzu. Koma alipo anthu athu amene amatchula Jamaica osati chifukwa choikonda, koma pofuna kutalikirana ndi anzawo. Khalidwe limenelo ulipewe. Ntchito zimene tinapeza kuno, nyumba zimene tinaloledwa kugula, koleji yako ija, pali anthu amene anamenyedwa m'misewu kuti zimenezo zitseguke, ambiri a ife tisanakwere n'komwe ndege. Munthu wakutsegulira chitseko, iwe walowa, kenako ukumuuza kuti simufanana. Ndi mwano umenewo. Ndipo usaganize kuti amene akukuyamikira kuti ndiwe wosiyana amakukonda. Akungosankha woti amugwiritse ntchito lero."

Odane anaweramitsa mutu. Ku koleji ankamva zonse ziwiri. Anzake akuda a kuno ankati anthu a ku zilumba amadzimva, ndipo obwera kumene kuchokera ku Kingston ankati iye si Mjamaika weniweni. Koma si zimenezo zimene zinkamuvuta tsopano.

Anauza Maas Vernal zimene Anti Icy ananena, kuti dzina la Blaka linayamba ngati chitonzo, ndipo analiyambitsa ndi bambo owabereka malemuwo. Anafunsa ngati n'koyenera kulemba chitonzo pa kabuku ka maliro.

Maas Vernal analoza ndi ndodo chitseko chachitsulo cha galaja. Dzinalo linali pomwepo, m'zilembo zazikulu zachikasu zimene zinkaoneka kuchokera kumsewu.

"Analemba yekha ndi burashi tsiku limene anatsegula malo ano. Ine ndinali nditamugwirira makwerero. Ndinamufunsa funso lomwelo, chifukwa nkhani ya sitolo ndinkaidziwa. Anati, Vernal, dzina ili anandipatsa kuti ndizikhala kuseri. Tsopano likhala kutsogolo, ndipo aliyense wofuna kuti galimoto yake iyende azilitchula mwaulemu."

Odane anayang'ana zilembozo. Ankadutsa pansi pake tsiku ndi tsiku kuyambira ali mwana, koma nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

"Chinanso," anatero Maas Vernal. "Icy si munthu woipa. Akufuna kulipira zimene sanachite ali mwana, koma wasankha njira yolakwika. Chilichonse chimene uchite, usakamukalipire. Nyamuka, nthawi yatha. Basi ya 3 koloko sidikira ana amasiye."

5. Siginecha

Odane anafika ku nyumba yachisoni kutatsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane. Mayi Tolliver anali atayala kale fomu patebulo, cholembera chili pambali. Iye anapempha kuti ayambe waona bambo ake.

Anamutengera m'chipinda chozizira cha kumbuyo, anavundukula nsalu mpaka pachifuwa, n'kutuluka.

Bambo ake anali atametedwa ndevu bwino. Matenda anali atawadya masaya, koma khungu linali lomwe lija, lakuda bii, losalala ngati khofi wosathira mkaka. Chipsera chinali pamalo pake. Imeneyi ndiyo nkhope imene inkamudikira pa geti ya sukulu, ndiyo imene ankaipukuta thukuta m'miyezi yomaliza. Odane anaima pamenepo kanthawi, manja ali m'matumba a jekete.

"Blaka," anatero motsitsa mawu. Anali asanawatchulepo dzina limeneli pamaso.

Atabwerera mu ofesi anatenga cholembera n'kuchonga kabokosi ka wakuda. Anafunsa ngati pali malo olembapo kumene makolo awo anachokera. Mayi Tolliver anamulozera mzere wina m'munsi mwake. Analembapo kuti Jamaica m'zilembo zazikulu, n'kusaina.

Kenako anatulutsa foni n'kupeza chithunzi chenicheni cha tsiku lija, chosakonzedwa. Anapempha kuti aike chimenecho pachikuto, ndipo dzina lilembedwe lonse: Lascelles "Blaka" Pinnock. Mayi Tolliver anagwira ntchitoyo pa kompyuta. Makina analira, ndipo tsamba limodzi linatuluka lotentha.

Odane anayamba kupepesa chifukwa cha mawu a azakhali ake. Mayiwo anamudula ndi dzanja.

"Mwana wanga, ndakonza maliro a anthu a ku zilumba zaka makumi atatu. Ndamvapo zoposa pamenepo, ndipo onsewo ndinawasambitsa ndi madzi amodzimodzi. Azakhali ako ali pachisoni. Tenga tsamba ili ukawaonetse wekha lero. Asakazionere m'tchalitchi anthu akuwayang'ana."

6. Mbiri

Dzuwa linali lisanalowe pamene Odane anafika kwa Anti Icy. Anawapeza kukhitchini akusita shati yoyera imene bambo ake adzaikidwe nayo. Ankasita kolala mosamala, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati kuti mwini wake akupita kukafunsira ntchito.

Odane anawapatsa moni n'kuika tsamba lija pafupi ndi shatiyo. Anawauzanso kabokosi kamene anachonga. Sanabise kalikonse.

Anti Icy anayang'ana tsambalo osaligwira. Simbi inali ikadali pa nsalu, ndipo Odane ndiye anainyamula kuti shati isapse.

"Ndinakupempha chinthu chimodzi."

"Munandipempha, Anti. Ndipo chilichonse chimene munandichitira ndikuchidziwa. Koma awa ndi amene ndinkawanyamula kuwatsitsa m'galimoto. Awa ndi amene anandilera. Enawo sindikuwadziwa, ndipo sindingawalire. Agogo akafuna kuona mwana wawo, aone ameneyu."

Anti Icy anati mawu amenewo wawatenga kwa Vernal, nkhalamba imene inalephera kusunga akazi awiri koma imadziwa kulangiza ana a eni. Odane anaima chilili, simbi ili m'manja, kudikira kuti amuthamangitse.

Sanamuthamangitse. Anakhala pa mpando, anatenga tsamba lija, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Misozi anaikaniza.

"Anali wooneka bwino," anatero pomaliza. "Atsikana a kwathu ku Santa Cruz ankabwera kusitolo kudzagula mchere umene sankaufuna, kuti angomuona akudutsa ndi thumba. Bambo okha ndiwo sankaona."

Anadzuka n'kutsegula chikwama chawo. Anatulutsamo mapepala anayi olembedwa pamanja. Inali mbiri ya malemu, imene iwo anayenera kukaiwerenga m'tchalitchi Loweruka. Anaipinda kawiri n'kuiika m'dirowa ya masupuni.

"Imeneyi ndinalembera munthu wa pachithunzi china chija. Mulibe kuseri kwa sitolo, mulibe matumba, mulibe Blaka. Sindingaiwerengenso. Ndipo mbiri yeniyeniyo ine ndilibe mphamvu zoinena bambo anga ali pa benchi yoyamba. Wasankha ndiwe, ndiye udzaima ndiwe kutsogolo."

Odane anati iye sanayankhulepo pagulu. Anati ngakhale koleji sanamalize.

"Bambo ako anamaliza koleji iti?" Anti Icy anamulanda simbi n'kuyambiranso kusita mkono wa shati. "Mpunga uli mumphika, udye. Mapepala olembapo ali m'chipinda chako m'mwambamo. Uli ndi masiku awiri."

Odane anatenga mbale, koma asanapakule anafunsa ngati ayenera kunena zonse, ngakhale za sitolo.

Anti Icy sanatukule mutu.

"Ukawafunse eni sitolo, agogo akowo. Ndege yawo ikutera Lachisanu 2 koloko, ndipo ine sindipitako. Ukawachingamire wekha, ndipo kabukuko ukawapatse ndi dzanja lako. Maso awo anafooka, choncho adzakuuza kuti uwawerengere zimene zalembedwa pachikuto."